Kodi Wakugwa Angadzutse Mnzace?

Mu mzinda wa Chipata, umene kale unali kuchedwa Fort Jameson, muli ndende ya Namuseche. Monga zicitika pa ndende iri yonse, lifika tsiku lakuti citseko citseguka ndipo munthu aturuka, atatsiriza zaka zimene woweruza anamlembera. Wowerenga ayerekeze kuti aona munthu wotere ataima panja m'mamawa, kathumba ka zobvala kali m'manja. Anamangidwa cifukwa ca kuba mbuzi za mnansi wace, ndipo mbuzizo anaziba cifukwa ca ngongole ya kacasu. Boma lathana naye, koma kumudzi mlandu wace sunathe konse. Apongozi ace safunanso kumuona pa cikamwini, munda wace wasanduka thengo, ndipo ana akamuona anong'onezana kuti, "Uyo kaidi uja." Okha amene adzamlandira ndi cimwemwe ndiwo anzace a pa botolo, amene adzamuitana kuti akatsuke kukhosi.

Munthuyu asowa wina womgwira dzanja, makamaka m'miyezi yoyamba, pakuti ndiyo nthawi imene kubwerera ku zakale kuli kwapafupi. Pa ici anthu onse abvomerezana. Cimene atsutsana ndico cakuti ndani ayenera kumgwira dzanjalo. Masiku ano mabungwe ena asankha anthu amene iwonso anakhalapo m'ndende, kapena amene anali zidakwa ndi osuta camba nasiya, nawaphunzitsa kuti akhale alangizi a anzao. Ena ayamika nzeru imeneyi, ena aiyesa misala. Kodi nkoyenera kuti munthu amene anagwa apatsidwe udindo wa kudzutsa wina?

Funsoli silingazengerezedwe, cifukwa Boma pa lokha silingathe nchitoyi. M'caka ca 2016, pamene malamulo akuru a dziko la Zambia anakonzedwa, cigawo coyang'anira ndende cinaleka kuchedwa Zambia Prisons Service ndi kuyamba kuchedwa Zambia Correctional Service, ndipo m'caka ca 2021 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano lolongosola nchito zace. Tanthauzo la dzinalo ndi lakuti ndende isakhale malo olangira cabe, koma ikhalenso malo oongolera munthu. Colingaco ncabwino, koma manja ndi ocepa. Lipoti limene bungwe la Human Rights Watch linaturutsa m'caka ca 2010, mothandizana ndi mabungwe ena awiri, linasonyeza kuti ndende zomangidwira anthu 5,500 zinali kusunga anthu 15,300, ndi kuti onsewa anali ndi anchito a zaumoyo 14 okha, mwa iwo dotolo mmodzi. Ngakhale ndende itakonzedwa bwino cotani, ulamuliro wa msilikari wa ndende uthera pakhomo. Iye sangatsate munthu kufikira ku Kapata kapena ku Mchini, ndipo sangakhale naye madzulo a Loweruka pamene anzace amuitana. Wodwala ucidakwa amene afuna cipatala ca Chainama ku Lusaka ayenera kuyenda makilomita oposa 500. Mowa nao sunacoke: m'caka ca 2012 Boma linaletsa tujilijili, mowa waukali uja wa m'timapepala, koma kacasu aphikidwabe m'midzi ndi m'makomboni. Cotero ngati munthu uja adzathandizidwa, adzathandizidwa ndi anthu wamba odzipereka.

Iwo amene akana kuti wakugwa akhale mlangizi ali ndi mau olemera, ndipo sayenera kunyozedwa. Akuru ena ati, kodi fisi angaikidwe kukhala mbusa cifukwa wanena kuti waleka nyama? Ati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, tsono kuphatikiza anthu awiri a cizolowezi cimodzi ndiko kuunjika udzu wouma pafupi ndi moto. Pamene anafuna kuti wamphamvu akoke wofooka, kapena wofooka ndiye adzakoka wamphamvu, ndipo onse awiri adzapezeka pa mowa. Palinso dandaulo lina lowawa koposa, ndilo la mwini mbuzi uja. Iye akhoza kunena kuti, "Ine ndasunga lamulo masiku onse, ndipo palibe anandiitana ku maphunziro kapena kundipatsa njinga. Munthu wakuba lero ndiye mlangizi, anthu amuombera m'manja. Kodi kuba ndiko njira ya ulemu?" Mau awa sangayankhidwe mwa kungouza wodandaulayo kuti akhululuke.

Yankho loyamba licokera m'mwambo wa Acewa eni ace. Pamene mtsikana alowa cinamwali, kapena mnyamata apita kudambwe, sapita yekha. Ampatsa phungu, ndiye munthu amene anayenda kale m'njira yomweyo. Phungu sasankhidwa cifukwa ca cuma, kapena cifukwa anabadwa wopanda colakwa. Asankhidwa cifukwa adziwa pamene namwali adzaopa, pamene adzalira ndi pamene adzafuna kuthawa, popeza iyenso anaopa pomwepo. Munthu wosabvinidwa, ngakhale akhale wophunzira cotani, sangakhale phungu. Makolo anazindikira kuti pali nzeru ina imene munthu saipeza mwa kumva cabe, koma aitenga ndi thupi lace.

Inde, ndende si cinamwali, ndipo ucidakwa si mwambo wolemekezeka. Komabe pali zinthu ziwiri zimene wakugwa ali nazo, zimene munthu wosagwa alibe. Coyamba, iye acotsa manyazi. Munthu womwa akamva mbusa kapena mphunzitsi alikumdzudzula, abvomera ndi mutu, koma mumtima ati, "Inu simudziwa m'mene manja anjenjemera m'mamawa." Tsono abisa zenizeni, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma kwa mnzace amene anagonapo m'ngalande aulula zonse, pakuti palibe cimene angamdabwitse naco. Caciwiri, wakugwa sanyengeka msanga. Mabodza onse amene cidakwa cinena, akuti kamodzi kokha, akuti pa maliro pokha, akuti cibuku si mowa weniweni, iye anawanena kale ndi pakamwa pace. Munthu wacifundo wosadziwa angathe kupereka ndalama ya basi imene idzathera pa botolo, koma uyu adzapita naye kukagula tikiti.

Zimenezi zayesedwa m'Zambia momwe. M'caka ca 1995, pa ndende ya Kamfinsa ku Kitwe, dotolo Oscar Simooya wa pa Copperbelt University anayambitsa pamodzi ndi anzace nchito yochedwa In But Free. M'masiku amenewo matenda a Edzi anali kupha anthu ambiri, ndipo mankhwala ace anali asanafike kwa anthu wamba. Iwo anaphunzitsa akaidi ena za matendawa kuti akaphunzitse anzao, pakuti zimene zicitika m'cipinda usiku citseko citatsekedwa, mlendo wobwera masana sangazidziwe, ndipo kaidi sangamuululire. Bungwe la PRISCCA, limene linathandiza polemba lipoti la 2010 lija, linali kutsogozedwa ndi Godfrey Malembeka, munthu amene iye mwini anakhalapo m'ndende. Ku America nako, Charles Colson, mlangizi wa Pulezidenti Richard Nixon, analowa m'ndende m'caka ca 1974 nakhalamo miyezi 7, ndipo m'caka ca 1976 anayambitsa Prison Fellowship, bungwe limene pambuyo pace linafika ndi ku Zambia.

Koma nkhani imene iphunzitsa koposa ndi ya Bill Wilson, munthu wa ku New York amene mowa unamuonongera nchito ndi thanzi. Ca kumapeto kwa 1934 anacezeredwa ndi bwenzi lace lakale, Ebby Thacher, amene anali kumwa naye pamodzi koma tsopano anali atasiya. Wilson anali atamva madandaulo a mkazi wace ndi macenjezo a madotolo osasintha. Koma poona mnzace wa pa botolo ali wolunga, anakhulupirira kuti ncotheka, ndipo posacedwa iyenso anasiya. M'mwezi wa May 1935 anapita ku mzinda wa Akron pa malonda amene sanayende bwino, ndipo ali yekha m'hotela cilakolako ca mowa cinamgwira. M'malo molowa m'cipinda comwera, anafunafuna womwa wina kuti alankhule naye, napeza dotolo wochedwa Bob Smith. Dotoloyo analola kumvera mphindi 15 zokha, koma anaceza maora ambiri. Anagwanso kamodzi pambuyo pace, koma kuyambira m'mwezi wa June 1935 sanamwenso kufikira imfa yace m'caka ca 1950. Ici ndico ciyambi ca gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri, ndipo m'gululi munthu watsopano asankha mnzace amene wakhala nthawi osamwa kuti amtsogolere. Cofunika kucizindikira ncakuti Wilson sanapite kwa Smith monga mpulumutsi. Anapita cifukwa iye mwini anali pafupi kugwa, ndipo podzutsa mnzace anadzilimbitsa yekha.

Nkhani yomweyi iri ndi mbali yaciwiri, imene ibvomereza mantha a akuru aja. Asanapite ku Akron, Wilson anatha miyezi ingapo alikulalikira zidakwa za ku New York, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasiya mowa. Dotolo wace, William Silkworth, ndiye anamlangiza kuti aleke kulalikira, ayambe wafotokoza za nthenda yace ya iye mwini. Kopanda uphungu umenewo, kapena Smith akadamthamangitsa zitatha mphindi 15 zija. Ndiponso Thacher, amene anabweretsa uthenga poyamba, anabwerera ku mowa, nakhala zaka zambiri alikugwa ndi kudzuka. Apa paoneka kuti kugwa m'dzenje kuphunzitsa munthu kuya kwa dzenjelo, koma sikumphunzitsa kaponyedwe ka cingwe. Mwambo nao sunasiye phungu pa yekha, pakuti pamwamba pace panali namkungwi, amene anali kumlangiza ndi kumdzudzula akalakwa. Wakugwa angathe kudzutsa mnzace, koma pokhapo ataphunzitsidwa, ndipo pokhapo pali wina womgwira iyenso.

Nanga maphunziro ace ayenera kukhala otani? Phunziro loyamba ndilo kumvera. Munthu amene wapulumuka akonda kusimba za kupulumuka kwace, naiwala kuti njira ya mnzace siyofanana ndi yace. Wina anamwa cifukwa ca kusowa nchito, wina cifukwa ca imfa ya mwana, wina anayamba ali mnyamata potsata anzace. Mlangizi ayenera kuphunzira kufunsa ndi kudikira yankho, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Laciwiri ndilo kusunga cinsinsi. Zimene munthu waulula siziyenera kumveka pa msika kapena m'pemphero la pagulu. Koma cinsinsi ciri ndi malire ace, ndipo mlangizi ayenera kuwachula tsiku loyamba lomwe: akamva kuti munthu afuna kudzipha, kupha wina kapena kuononga mwana, sadzakhala cete. Amene wanena ici poyera saturuka waciwembu pa tsiku limene aulula.

Phunziro lacitatu ndilo kudziwa pamene nzeru yace ithera. Munthu amene wamwa kwambiri masiku onse kwa zaka zambiri, akasiya mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kucita thukuta, kukomoka ndi kuona zinthu zimene palibe, makamaka m'masiku awiri kapena atatu oyamba, ndipo nthenda imeneyi ingathe kupha. Mlangizi wosaphunzira adzati ndi ziwanda kapena ndi kufooka mtima, namtsekera m'nyumba. Wophunzira adzathamanga naye ku cipatala cacikuru ca Chipata, ca Mwami kapena ca St. Francis ku Katete. Cimodzimodzi, munthu amene waturuka m'ndende alikumwa mankhwala a cifuwa cacikuru ayenera kutsiriza miyezi 6 yonse, ndipo womwa ma ARV sayenera kudumpha masiku. Nchito ya mlangizi si kusanduka dotolo, koma kuona kuti khadi la kucipatala silinatayike ndi kuti tsiku lokatenga mankhwala silinaiwalike.

Lacinai ndilo kudzisunga. Mlangizi sakongoza ndalama kwa amene amlangiza, ndipo salandira kanthu kwa iye, pakuti ngongole iononga uphungu. Mwamuna alangize mwamuna, mkazi alangize mkazi, popeza munthu wosweka mtima sacedwa kudalira womthandiza, ndipo kudalira kotere kwagwetsa ambiri. Asakomane pa malo a mowa poyesa kuonetsa mphamvu. Ndiponso munthu amene wasiya dzulo asafulumizidwe kukhala mlangizi lero, cifukwa cironda cimene cikali kuturuka magazi siciyenera kusenzetsedwa katundu. Alangizi azisonkhana kawirikawiri ndi wamkuru wao kuti atule zimene zawalemera. Mmodzi akagwa, apumitsidwe pa udindo nathandizidwe, asatayidwe kunja, pakuti gulu limene litaya wakugwa wa m'kati mwace latsutsa cifukwa cimene linakhalira. Ndipo iwo amene atuma alangizi akumbukire kuti wodzipereka nayenso adya. Sicilungamo kutuma munthu wosauka kuyenda pansi mitunda yaitali sabata ndi sabata, ana ace ali ndi njala, ndi kumlipira ndi mau akuti zikomo.

Kodi tsono munthu amene sanamangidwepo, amene sanaledzerepo, alibe gawo m'nchitoyi? Ali nalo, ndipo ndi lalikuru. M'caka ca 1841, mu mzinda wa Boston, wosoka nsapato wina dzina lace John Augustus anali m'bwalo la milandu pamene anali kuweruza munthu woledzera. Iye anapempha woweruza kuti ampatse munthuyo amsunge, ndipo patapita masabata atatu anabwera naye ali wosinthika, kotero kuti woweruza sanamtumize kundende. Kufikira imfa yace m'caka ca 1859, Augustus anaimira anthu pafupifupi 2,000, ndipo kucokera m'nchito yace kunabadwa mcitidwe wa mabwalo wa kuyesa wolakwa ali kunja m'malo momtsekera. Iye sanali wakugwa. Cimene anali naco ndi mbiri yabwino, ndipo anaibwereka kwa anthu amene analibe. Kwa Acewa munthu wotere achedwa nkhoswe, ndiye amene aima pakati nati, "Akalakwa mudzafunse ine." Kaidi wakale sangathe kuuza mwini sitolo kapena kapitao wa pa famu kuti alembe mnzace nchito, pakuti mau ace sakhulupirika kumeneko, koma mkuru wa mpingo, mphunzitsi kapena nyakwawa angathe. Nayenso wotere asowa maphunziro, cifukwa yeso lace ndilo kudzikuza. Ayesa wothandizidwayo mwana, afuna kuyamikidwa, ndipo munthuyo akagwa kamodzi akwiya nati, "Wandicititsa manyazi." Ayenera kuphunzira kuti kusiya cizolowezi kawirikawiri kuyenda ndi kugwa, ndi kuti tsiku la kugwa ndilo tsiku limene afunika koposa. Phungu ndi nkhoswe afunika onse awiri, wina wodziwa mtima wa munthuyo, wina wotsegula makomo a mudzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Latsala dandaulo la mwini mbuzi, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Ulemu umene mlangizi alandira suli wa kuba kwace, koma wa kutembenuka kwace, ndipo kutembenuka kuli ndi cizindikiro cimene anthu angacione ndi maso. Kale, ndende zisanafike ndi Boma la Azungu, mlandu wa kuba unali kukambidwa pabwalo, ndipo wolakwa pamodzi ndi abale ace anali kulipa nkhuku, mbuzi kapena makasu. Masikuwo analinso ndi nkhanza zao, monga mwabvi umene unapha osalakwa, ndipo sayenera kukumbukidwa ngati masiku opanda banga. Koma m'cinthu cimodzi ici makolo anaona bwino: wolakwiridwa sanali kuiwalika. Ndende ilanga wakuba, koma sibweza mbuzi m'khola. Cifukwa cace mlangizi wabwino sangolimbitsa mtima wa munthu wace, koma amuuzanso mau owawa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Amtsogolera kwa nyakwawa kuti akabvomere colakwa cace pamaso pa amene anamlakwira, ndi kupangana za kubweza pang'ono pang'ono, kaya ndi mwana wa mbuzi, kaya ndi kulima m'munda. Wolakwiridwa sayenera kukakamizidwa kukhululuka. Ali ndi ufulu wa kukana, ndipo angafune zaka kuti mtima utsike. Ndipo munthu amene iye mwini sanapepese kwa amene anawalakwira sanayenere kuchedwa mlangizi, ngakhale atalandira mapepala a maphunziro angati.

Cotero akuru aja sanalakwe poopa, koma analakwa poganiza kuti njira yopewera ngozi ndiyo kusiya wakugwa pa yekha. Munthu woturuka ku Namuseche sadzakhala wopanda aphungu. Mudzi ukapanda kumpatsa phungu wophunzitsidwa, iye adzapeza wina pa malo a kacasu, ndipo ameneyo sadzafuna maphunziro ali onse kuti amtsogolere kubwerera kumene wacokera. Pamenepo mbuzi zina zidzabedwa, ndipo wodandaula uja adzadandaulanso kaciwiri.

Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu, nakhala pakhomo kudikira nchito, ali pafupi ndi nkhaniyi kuposa m'mene ayesera. Ena mwa anzao a m'kalasi ayamba kale kuceza pa mowa kuyambira m'mawa, ndipo caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Iwo adziwa kuwerenga khadi la kucipatala, kulemba kalata yopempha nchito ndi kufotokozera nkhalamba zimene pepala la ku bwalo la milandu linena. Wofuna kuthandiza asayambe yekha ndi cangu cace cokha, pakuti safunsa anadya phula. Ayambe wafunsa kwa akuru a mpingo wace amene ayendera akaidi, kapena kwa anchito a zaumoyo a pa cipatala capafupi, nalole kuphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Akatero, pa tsiku limene citseko ca ndende cidzatseguka, munthu wa kathumba uja adzapeza anthu awiri alikumdikira pansi pa mtengo, wina amene anagonapo m'cipinda comweco, ndi wina amene wakamba kale ndi nyakwawa za kumene adzagona usiku umenewo.